Momwe mungakonzere mizere yotsala yokha pa masamba a buku

Amene mumakonza mabuku a A5, timabuku ta mpingo kapena malipoti a ophunzira a ku Mzuni ku Luwinga mwakumanapo nazo: ndime yathera pamwamba pa tsamba latsopano ndi mzere umodzi wokha, kapena yayambira pansi penipeni ndi mzere umodzi. Mu Word, mzere wotsalira pamwambawo umatchedwa widow, wapansiwo orphan.

Musayambe kukonza zimenezi mlembi asanamalize kusintha mawu. Ndipo muziyambira tsamba loyamba la mutu kutsika nawo, chifukwa mzere umodzi ukasuntha pa tsamba 3, masamba onse otsatira amasunthanso.

Choyamba, lolani pulogalamu ithandize. Mu Word pitani pa Paragraph, kenako Line and Page Breaks, chongani Widow/Orphan control. Pa timitu ting'onoting'ono chongani Keep with next kuti kamutu kasatsale pansi ndime yake itapita tsamba lina. Mu InDesign, pulogalamu yoyalira mabuku, ndi Keep Options: ikani 2 pa Start ndi 2 pa End.

Zimenezi zimasiya masamba ena ofupika ndi mzere umodzi, ndiye dzanja lanu likufunikabe. Bwererani m'mbuyo, pezani ndime yaitali yomwe mzere wake womaliza uli ndi liwu limodzi, monga "kale". Isankheni yonse, muchepetse tracking (mpata wa pakati pa zilembo) mu InDesign kufika pa -5 kapena -10. Liwulo likwera, mzere umodzi wapulumuka. Mukapitirira -15, zilembo zimapanikizana moonekera. Ngati mlembi wavomera, kuchotsa liwu limodzi losafunikira ndi njira yabwino koposa.

Samalani ndi kadulidwe ka mawu. Mawu a Chichewa ndi Chitumbuka ndi aatali, koma kompyuta imawadula ngati a Chingerezi, mpaka kulekanitsa "ng'" kapena "mb". Zimitsani hyphenation, muzidula nokha pambuyo pa lembo la liwu (a, e, i, o, u): "chi-mbudzi", osati "chim-budzi". Polemba mawu monga "tsamba 12", pakati pa "tsamba" ndi "12" ikani nonbreaking space (mpata wosalola kuti zilekane pa mapeto a mzere), mu Word Ctrl+Shift+Space.

Chonde musakankhe mizere pomenya Enter kangapo. Mawu akangosintha pang'ono, mpata uja umagwera pakati pa tsamba.

Mukamaliza, sungani fayilo ngati PDF musanapite nayo kosindikiza m'tauni. Fayilo ya Word ikatsegulidwa pa kompyuta yopanda font yanu, mizere imayalidwanso mwatsopano ndipo yotsala yokha ija imabwerera.