Momwe mungayalire mapaipi a bafa m'chipinda chapansi cha nyumba yakale

Nyumba zambiri zomangidwa m'malo otsetsereka, monga ku Chilomoni, Soche ndi m'mphepete mwa phiri la Zomba, zili ndi chipinda chapansi chomwe kale ankasungiramo makala ndi makasu. Lero eni ake akufuna kuchisandutsa chogona chokhala ndi bafa ndi chimbudzi chamadzi, mwina kuti apeze wa lendi. Ntchito yeniyeni ndi mapaipi amene adzakwiririke pansi pa simenti, chifukwa mukalakwitsa pamenepo matailosi onse adzaswedwa.

Musanagule paipi ngakhale imodzi, yezani kutsika kwa malo. Madzi sakwera phiri. Tsegulani manihole (dzenje lovindikira loonerapo mapaipi a zonyansa) yomwe ili pafupi, kapena pezani polowera paipi mu septiki thanki, ndipo muone ngati malowo ali m'munsi kuposa pansi pa chipindacho. Simusowa makina: tengani kapaipi kofewa koonekera m'kati, kadzazeni madzi, wina agwire mbali imodzi m'chipinda, inu mugwire ina panja. Madzi amaima pa levulo imodzi mbali zonse ziwiri, ndiye lembani chizindikiro uku ndi uku, kenako muyeze ndi tepi kuchokera pachizindikiro kutsika pansi.

Paipi yachimbudzi, ya PVC ya 110mm, itsike masentimita awiri ndi theka pa mita iliyonse. Ngati manihole ili mamita 6 kuchokera pachimbudzi, ndiye kuti paipi itsike masentimita 15, kuwonjezera pa kuya komwe yayambira pansi pa simenti. Apulambala ena amati kutsetsereka kwambiri ndiye bwino. Ine sindigwirizana nazo.

Nanga mukapeza kuti thanki ili pamwamba? Apa m'pomwe ambiri amaumirira n'kudzalira pambuyo. Njira zilipo ziwiri: kukumba septiki thanki ndi sokawe (dzenje lomwetsa m'nthaka madzi ochokera m'thanki) zatsopano kumunsi kwa poloti, kapena kuika pampu yogaya zonyansa n'kuzikankhira m'mwamba, monga za Saniflo zomwe amagwiritsa ntchito kwambiri m'nyumba zakale za ku Britain. Pampuyo imadalira magetsi, ndiye akazima chimbudzi nacho chaima. Ngati malo alipo kumunsi, kumbani thanki basi, koma italikirane ndi chitsime chanu komanso cha aneba.

Zikatheka kuti madzi atsika okha, jambulani ndi choko pasimenti pomwe padzakhale chimbudzi, shawa ndi sinki. Gulanitu chimbudzicho musanaswe pansi. China chimatulutsira pansi, china kukhoma, ndipo miyeso yake imasiyana. Chotulutsira pansi nthawi zambiri chimafuna masentimita pafupifupi 30 kuchokera kukhoma kufika pakati pa paipi, koma yezani chanucho, osaiwala kuti pulasitala ndi matailosi zidzadya malo ena.

Dulani simenti ndi galayinda motsata mizere, kenako muswe pakati ndi hamala ndi chizilo. Kungomenya ndi hamala yaikulu kumang'amba makoma akale, makamaka omangidwa ndi dothi. Valani chotchinga mphuno ndi magalasi. Pofika pakhoma lakunja, musagumule maziko. Boolani bowo lokulirapo pang'ono kuposa paipi, muikemo chidutswa cha paipi yaikulu kuti yanuyo idutse momasuka, nyumba ikamakhazikika isaiphwanye.

Mukakumba ngalande ya mapaipi, thiranimo mchenga wa masentimita 10, muutsendere. Yalani mapaipi osathira guluu kaye, muone ngati zonse zikukumana. Pokhota gwiritsani ntchito mabendi awiri a madigiri 45 m'malo mwa imodzi ya 90, ndipo polumikiza shawa ndi sinki ikani cholumikizira chonga Y choyang'ana komwe madzi akupita. Shawa ipatseni paipi ya 50mm, sinki ya 40mm ikwana. Chilichonse chikhale ndi tirapu yake, kachigongono kosunga madzi kamene kamatsekereza fungo. Muikenso paipi yotulutsa mpweya yokwera mpaka kupitirira denga. Popanda iyo, wina akagujumula chimbudzi madzi a m'tirapu ya shawa amakokedwa, fungo la thanki n'kudzaza chipinda.

Nyumba zakale zimabisa zambiri. Mukakumba mungapeze mapaipi adothi lowotcha kapena achitsulo, ena atalowa mizu ya mango. Musamatire PVC kwa amenewo ndi simenti. Pali zolumikizira za labala zomanga ndi mabawuti, ndipo ngati paipi yakaleyo ndi yong'aluka, ichotseni mpaka pamanihole. Popeza chipindachi ndiye chotsikitsitsa m'nyumba yonse, thanki ikadzaza nthawi ya dzinja zonyansa zidzayambira kutulukira m'shawa yanu, choncho valavu yoletsa madzi kubwerera ndi yofunika mtengo wake.

Za madzi abwino n'zosavuta. Mapaipi akale a galuvanaizi amakhala atachita dzimbiri m'kati, ndiye kokani mzere watsopano wa mapaipi apulasitiki a PPR, muike valavu yotsekera bafa lokhali. Pampopi, madzi otentha kumanzere, ozizira kumanja.

Mukamata guluu ndipo wauma, musakwirire. Tsekani kumapeto kwa paipi ku manihole, dzazani madzi, lembani pomwe afika, mudikire mpaka m'mawa. Akatsika, funani podontha. Akakhala pomwepo, jambulani zithunzi ndi foni tepi ili pambali, kuti mudzadziwe podutsa mapaipi. Tsekani kukamwa kwa paipi iliyonse ndi chivindikiro kuti matope a simenti asagweremo, kwirirani ndi mchenga, yalani pepala lakuda lapulasitiki loletsa chinyontho, ndipo muitane mmisiri athire konkire.