Momwe mungadziwire chimene chikugwetsa disjuntor m'nyumba mwanu

Magetsi akazima m'nyumba mwanu mokha, kwa anansi akuyaka ndipo mita yolipiriratu ya Credelec ikuonetsa kuti mayunitsi alipo, pitani pabokosi la ma disjuntor (masiwichi amene amadula magetsi okha pakakhala vuto) mukaone kachogwirira kamene katsika. Musanakakweze, yambani mwakumbukira mmene magetsiwo anazimira, pakuti mkati mwa disjuntor muli njira ziwiri zodulira magetsi, ndipo iliyonse imaloza vuto lakelake.

Yoyamba ndi kachitsulo kopyapyala kopangidwa ndi zitsulo ziwiri zomatidwa pamodzi, zimene sizifutukuka mofanana zikatenthedwa. Magetsi akamadutsa ochuluka kuposa mlingo wake, kachitsuloko kamatentha n'kumapindika pang'onopang'ono mpaka kumasula sipuling'i imene imalekanitsa mawaya. Choncho ngati disjuntor yagwa patapita mphindi zingapo chilumikizireni zipangizo, katundu wachuluka. Werengani nokha: disjuntor ya 16 A (mlingo wa ma ampeya 16) pa magetsi athu a 220 V imanyamula mawati pafupifupi 3,500, pomwe ketulo ya mawati 2,000, mbaula ya magetsi ndi ayironi zikayaka pamodzi zimapitirira kutali. Zulani zina, dikirani pang'ono kuti kachitsuloko kazizire, kenako kwezani. Dziwaninso kuti kutentha kwa mumzinda wa Tete mu Okutobala kumakapinditsa msanga kusiyana ndi kuzizira kwa ku Ulongué.

Yachiwiri ndi koyilo ya waya imene imasanduka maginito. Mawaya akagundana, magetsi amachuluka mwadzidzidzi ndipo maginitoyo amamenya loko wogwira sipuling'i ija m'kuphethira kwa diso; pa disjuntor yolembedwa C16 izi zimachitika magetsi akafika pakati pa maulendo 5 ndi 10 a mlingo wake. Ikamagwa nthawi yomweyo mukangokweza, zulani zonse m'masoketi, kwezaninso, ndipo muzilumikiza chimodzichimodzi mpaka chopalamula chioneke. Ikagwabe popanda cholumikizidwa, vuto lili m'khoma kapena kudenga, kumene makoswe amakonda kutafuna mawaya, ndipo imeneyo ndi ntchito ya katswiri wa magetsi.

Kupanikiza kachogwirira ndi chala n'kungodzivuta, chifukwa loko wa mkati amamasuka ndithu. Choopsa kwambiri, chimene ambiri amachiyesa nzeru, ndi kuchotsa ya 16 A n'kuikapo ya 32 A pa waya yemweyo: disjuntor imasiya kugwa, koma waya wochepayo ndiye amatentha mkati mwa khoma mpaka pulasitiki yake kusungunuka.