Mukufuna kukaona Roma? Viza mudzipangire nokha, dobadoba musamupatse ngakhale paundi imodzi

Abale anga amene tili kuno ku UK, makamaka inu a ntchito yosamalira okalamba amene mumaona anzanu a kuntchito akunyamuka Lachisanu n'kubwera Lolemba ndi zithunzi za ku Roma, ndikulemba izi mtima usanapole. Ku Roma ndinapita, masiku atatu, ndipo ndi ulendo wotheka kwa munthu wa malipiro ngati athu. Koma ndinapita patadutsa chaka chathunthu, nditataya ndalama za mashifiti ambiri a usiku, chifukwa cha munthu mmodzi amene ndinamukhulupirira poti timalankhula chinenero chimodzi.

Mnzanu wa pasipoti ya Britain amangogula tikiti n'kukwera ndege. Ife a pasipoti ya Malawi timafunika viza ya Schengen. Chilolezo chokhala mu UK sichitsegula khomo la Italy, ngakhale mutakhala kuno zaka khumi, chifukwa UK sili m'gulu la Schengen, mayiko 29 a ku Ulaya olowera ndi viza imodzi. Ndiye ulendowu umayambira pa viza, osati pa tikiti yotchipa imene mwaiona pafoni nthawi yopuma. Ine ndinayambira kumapeto.

Tikiti ndinagula mu January, yosabweza ndalama, yoti ndidzanyamuke mu April. Nditayamba kufufuza tsiku lokapereka mafomu a viza, ndinapeza masiku onse atadzaza. Ndinadandaula pa gulu lathu la WhatsApp, ndipo ola lisanathe wina anandilembera kumbali. “Achimwene musavutike, zimenezi ndiye ntchito yathu.” Anatchula anthu awiri a kutchalitchi kwathu kuti anawathandiza. Anthuwo sindinawafunse, ngakhale ndimakhala nawo benchi imodzi Lamlungu lililonse. Anati mapaundi 250, ndinatumiza usiku womwewo.

Kenako anandiuza kuti masiku a Italy kulibe, tidzere dziko lina la Schengen, viza ndi imodzimodzi. Fomu analemba yekha. Hotela anabukitsa yekha, mumzinda umene sindinalotepo zopitako. Ndinakumana naye pa siteshoni ya sitima m'mawa wa tsiku lokaonekera, anandipatsa envulopu, ine n'kusaina pamene analoza ndi chala. Ndinawonjezeramo kalata ya kuntchito imene abwana anga analemba zoona zake, kuti ndapempha tchuthi chopita ku Italy. Iye kalatayo sanaiwerenge, inenso za mu envulopu yake sindinaziwerenge.

Patatha masabata atatu pasipoti inabwera ilibe viza, muli kalata yonena kuti zimene ndinafotokoza za cholinga cha ulendo wanga n'zosadalirika. Ndinaimbira hotela ija ndekha. Anandiuza kuti chipindacho chinabukitsidwa n'kufufutidwa mawa lake. Pepala la ndege limene anaikamo silinalipiridwepo. Nditamuimbira bambo uja anati ndisade nkhawa, tipanga apilo, ndingowonjezera 100. Nditakana n'kufunsa ndalama zanga, foni inasiya kulowa. Ndinalemba pagulu kuti ena achenjere, ndipo oyang'anira gululo anafufuta uthengawo, amvekere tisanyozetsane pagulu, ndife a kumodzi. Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndalama.

Tsono mvetsetsani chimene chimatsalira pa inu. Ndalama za viza sabweza. Tikiti yanga inapita. Koma chachikulu n'chakuti kukanidwako kumalembedwa mu kompyuta imene maofesi a akazembe a mayiko onse a Schengen amaona, ndipo kumakhalamo zaka zisanu. Mafomu a UK nawonso amafunsa ngati munakanidwapo viza ya dziko lililonse, ndiye pokonzanso chilolezo changa chokhala kuno ndinayenera kuyankha kuti inde n'kufotokoza. Dobadoba dzina lake silipezeka paliponse. Siginecha ili pa fomu ndi yanu, bodza lililonse lili mmenemo ndi lanu. Lamulo lake ndi losavuta: mumapempha viza ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Mukupita ku Roma, pemphani ku Italy basi. Aliyense wokuuzani kuti mudzere kwina akusewera ndi mapepala anu okhalira kuno.

Zofunika zake si zachilendo: fomu, chithunzi, pasipoti yokhala ndi masamba awiri opanda kanthu komanso yotsala ndi miyezi itatu kapena kuposa kuchokera tsiku lobwerera, umboni wa chilolezo cha UK, kalata ya kuntchito, mapepala a malipiro ndi a kubanki a miyezi itatu, tikiti, hotela, ndi inshuwalansi ya zachipatala yofika mayuro 30,000. Viza ya munthu wamkulu ndi mayuro 90 kuyambira June 2024, ndipo pamwamba pake pali ndalama ya kampani yolandira mafomu. Yambirani pa webusayiti ya ofesi ya kazembe wa Italy ya dera limene mukukhala.

Amalola kupempha kudakali miyezi isanu ndi umodzi, ndipo yankho limatenga masiku 15, nthawi zina mpaka 45. Ulendo wachiwiri ndinayamba ndi kupeza tsiku lokaonekera, ndekha, poyang'ana m'mawa uliwonse ndikaweruka, kenako ndinagula tikiti ya masabata asanu ndi awiri kutsogolo kwa tsikulo. Hotela ndinatenga yeniyeni, yololeza kubweza ndalama. Nkhani ya kukanidwa ndinailemba ndekha mu kalata, mosabisa. Ndipo chonde, musabwereke ndalama kwa mlamu wanu kuti akaunti ioneke yonenepa sabata yokaonekera. Iwo amaona ndalama yogwa mwadzidzidzi tsiku ndi tsiku. Ngati ndi ya chipereganyu, lembani kuti ndi ya chipereganyu. Viza ikatuluka werengani dzina, madeti ndi chiwerengero cha masiku pomwepo, poti yoyamba amatha kukupatsani masiku enieni a ulendo wanu osawonjezera ngakhale limodzi.

Musanakwere ndege onetsetsani kuti pasipoti imene mwanyamula ndi imene ili pa akaunti yanu ya eVisa, chilolezo chanu cha UK cha pa intaneti, poti makadi a chilolezocho a BRP aja anatha pa 31 December 2024 ndipo pobwerera a ndege afuna kutsimikiza kuti UK ikulandirani. Makampani ena a ndege zotchipa amafuna kuti ife tionetse viza pa kauntala tisanalowe mkati, ndiye fikani msanga. Chikwama chikhale chaching'ono cholowa pansi pa mpando. Masiku atatu safuna sutikesi, ndipo chindapusa cha pageti chimatha kuposa mtengo wa tikiti. Pa chipata cholowera ku Italy khalani ndi mapepala osindikiza a hotela, inshuwalansi ndi tikiti yobwerera. Ine anandifunsa onse atatu.

Nyengo yabwino ndi November, February kapena March. Mu July ndi August ku Roma kumatentha ngati ku Nsanje mu October, ndipo mukhala mukuyenda pansi tsiku lonse. Sabata ya Pasaka mitengo ya malo ogona imakwera zedi. Mabwalo a ndege ndi awiri, Fiumicino ndi Ciampino. Kuchokera ku Fiumicino sitima ya Leonardo Express imafika pa Termini, siteshoni yaikulu ya mumzinda, mu mphindi 32, ine ndinaipeza pa mayuro 14, pamene basi inali pafupifupi theka lake. Kwerani basi. Munthu wokuyandikirani mkati mwa bwalo n'kumati takisi, mulekeni. Matakisi ovomerezeka ndi oyera, amaima pamzere panja, ndipo mtengo wolowera pakati pa mzinda ndi wokhazikika. Gonani pafupi ndi Termini: si malo okongola, usiku muzisamala, koma ndi otchipa ndipo njanji ziwiri zapansi, A ndi B, zimakumana pomwepo. Hotela idzakulipiritsani msonkho wa alendo pa usiku uliwonse, si kuba, ndi lamulo la mzindawo. Tikiti ya basi ndinkagula mayuro 1.50 ya mphindi 100. Mukakwera idindeni mu kamakina, apo ayi oyendera akakupezani sakumverani zoti ndinu mlendo.

Malo olipira mayuro ambiri sankhani awiri okha. Colosseum ndinalipira 18, tikiti yomweyo n'kulowera ku mabwinja a Roma wakale a Roman Forum ndi phiri la Palatine. Gulani pa webusayiti yawo yeniyeni masabata angapo ulendo usanafike, dzina likhale lofanana ndi la pa pasipoti chifukwa amayang'ana. Bwalo limeneli linatsegulidwa m'chaka cha 80 mu ulamuliro wa Titus, munkalowa anthu pafupifupi 50,000. Koma chimene chinandiimitsa ine nthawi yaitali ndi chipata cha Titus polowera ku Forum, pamene anasema asilikali achiroma atasenza choikapo nyale cha m'kachisi wa ku Yerusalemu amene anamugwetsa m'chaka cha 70. Zimene tinkamva ku Sande sukulu, zili pamwala, mukuziona ndi maso. Kwina ndi ku Vatican Museums kumene kuli Sistine Chapel, ndinalipira 25 pogula pa intaneti. Lamlungu loyamba pamwezi ku Colosseum n'kwaulere, Lamlungu lomaliza ku Vatican Museums n'kwaulere, koma mzere wake ungakudyereni theka la tsiku. Wa masiku atatu asayese.

Zina zonse zimene zinandikhudza mtima sindinalipire, kupatula mayuro 5 a ku Pantheon, nyumba ya zaka pafupifupi 1,900 imene denga lake la konkireti lili ndi chibowo pakati, mvula n'kumagwera mkati. Tchalitchi cha St Peter n'chaulere. Fikani isanakwane 8 koloko m'mawa, mutavala zophimba mapewa ndi mawondo, kabudula akubwezani. Mukalowa, kudzanja lamanja mutadutsa chosema cha Michelangelo cha Maria atanyamula mtembo wa Yesu, pali manda a Papa John Paul II, yemwe uja anabwera ku Malawi mu 1989. Mayi anga amakambabe za ulendo umenewo, ndipo ndinawaimbira nditangotuluka. Papa akakhala kuti ali mumzinda, Lamlungu 12 koloko amaonekera pa zenera, Lachitatu amakumana ndi anthu, ndipo matikiti a Lachitatuwo ndi aulere. Wokugulitsani ndi wakuba.

Kaya ndinu a CCAP kaya a Seventh Day, kwerani njanji B mukafike ku San Paolo fuori le Mura kumene kuli manda a mtumwi Paulo. Kulibe chipwirikiti, mungakhale pansi n'kupemphera. Ku San Pietro in Vincoli, pafupi ndi Colosseum, kuli chosema cha Mose cha Michelangelo. Ku San Luigi dei Francesi kuli zojambula za Caravaggio za kuitanidwa kwa Mateyu. Konseko mumangolowa. Kuchokera pamenepo Piazza Navona, Pantheon ndi kasupe wa Trevi ndi mtunda woyenda wapansi, bola nsapato zikhale zofewa poti misewu yake ndi ya miyala.

Madzi musagule. Mumzinda monse muli mipope yachitsulo imene amaitcha nasoni, madzi ake ozizira, abwino kumwa. Nyamulani botolo. Khofi imwani choimirira pa kauntala, mukakhala pa tebulo mtengo umasintha. Pizza yodula ndi sizasi n'kuyeza pa sikelo imakhutitsa pa ndalama yochepa. Malo odyera amene munthu waima pakhomo n'kumakuitanani, pafupi ndi malo otchuka, adutseni. Nsomba amalemba mtengo wa magalamu 100, osati wa mbale. Funsani musanaitanitse.

Madobadoba aliko ndi kumeneko. Kuzungulira Vatican mudzakumana ndi anthu a mabaji onena kuti mzere ndi wa maola anayi, akudutsitsani. Musaime. Pafupi ndi Colosseum ena adzakupatsani moni waubale, kukufunsani kuti kwanu ndi kuti ku Africa, uku akukumangani kachibangili pamkono amvekere ndi mphatso, kenako akufuna ndalama. Manja akhale m'thumba, yankhani moni mukuyenda. Mu basi 64 yochoka pa Termini kupita ku Vatican ndi mu njanji A muli akatswiri opisa m'matumba. Chikwama kutsogolo, pasipoti m'kathumba ka mkati mwa malaya. Mzungu wa kuntchito kwanu ikamutayika amakhumudwa sabata imodzi. Inu ikakutayikani, viza yapita nayo, ndege yobwerera simukwera, ntchito ikudikira. Pa masitepe a Piazza di Spagna musakhale pansi, amalipiritsa. Ndipo musawonjezere tsiku ngakhale limodzi pa masiku a viza, kaya msuweni wanu wa ku Milan akukakamizeni bwanji kuti mudzere kwake.

Bambo uja akadali pa gulu lathu, anangosintha nambala ndi chithunzi. Mwezi watha analembera mtsikana wina amene wangofika kumene kuchokera ku Mzuzu, mawu omwe aja, mayina omwe aja a kutchalitchi. Mtsikanayo anachita zimene ine sindinachite: anawafunsa anthu awiriwo pambuyo pa mapemphero. Mmodzi sankamudziwa n'komwe. Winayo nayenso anakanidwa viza, anangokhala chete chifukwa cha manyazi.