Mmene mungatsatire khwawa lakale la Euphrates pa mzinda wa Ur

Mabwinja a Ur, kufupi ndi Nasiriyah kummwera kwa Iraq, lero ali m'chipululu, ndipo mtsinje wa Euphrates ukudutsa pamtunda wa makilomita pafupifupi 16. Komatu mzindawu unayamba ngati mudzi wa m'madambo, ndipo utakula unali ndi madoko awiri, lakumpoto ndi lakumadzulo. Ntchito yanu ndi kupeza pomwe madziwo ankadutsa komanso nthawi yomwe anasamuka.

Yambani ndi zithunzi za Corona, masetilaiti aukazitape a dziko la America, zojambulidwa pakati pa 1960 ndi 1972, minda yothirira ndi misewu zisanafafanize zizindikiro zambiri. Musafunefune chigwa, funani mtumbira. Euphrates amaunjika matope m'magombe mwake chaka ndi chaka mpaka khwawa limakwera kuposa nthaka yozungulira. Chigumula chikang'amba gombe, madzi amatsetserekera kwina n'kutsegula njira yatsopano, yakaleyo n'kutsala ngati mtumbira wautali wokhotakhota. Mukaona wowongoka ngati chingwe, ukaikireni: kawirikawiri imeneyo ndi ngalande yokumba anthu. Zitunda za midzi yakale zimandanda m'mbali mwa mtumbirawo, ndipo mapale omwe mungatole pamwamba pake amasonyeza zaka zomwe anthu ankakhalapo.

Kenako boolani nthaka ndi chitsulo chobowolera, mabowo ali pamzere wopingasa mtumbira, motalikirana mamita 50 mpaka 100. Dothi lililonse lotuluka lifikiseni ndi zala ndipo mulembe kuya kwake nthawi yomweyo. Mchenga wokhakhala ndi wa madzi othamanga, apo ndiye pakati pa khwawa. Dongo lakuda losalala lokhala ndi mizu ya bango ndi la dambo. Makala ndi mapale akusonyeza kuti pauma ndipo anthu afika.

Poyeza zaka ndi radiocarbon (njira yoyeza kaboni wotsala m'zinthu zomwe zinali zamoyo), sankhani njere kapena makala a bango. Zigoba za nkhono zimanamiza, chifukwa zimatenga kaboni wakale wa m'madzi n'kuonetsa zaka zochuluka kuposa zenizeni. Mchenga woyeza ndi njira ya OSL, yomwe imasonyeza nthawi yomwe mchenga unaona dzuwa komaliza, utengeni m'paipi yosalowa kuwala, yotseka mbali zonse. Ukangoona dzuwa wawonongeka.

Cholakwika chachikulu ndi kudalira dzenje limodzi. Mu 1929, Leonard Woolley, katswiri wofukula zakale yemwe ankakumba ku Ur, anapeza matope opanda phale ndi limodzi lomwe, okhuthala mamita oposa awiri, n'kulengeza kuti wapeza chigumula cha Nowa. Koma matopewo sanapezeke m'maenje onse a mu Ur, ndipo ku Eridu, mzinda woyandikana nawo, kunalibe. Choncho musalembe kuti mtsinje unasefukira kapena kusamuka pokhapokha dothi lomwelo litapezeka m'mabowo angapo otsatizana, pa kuya kofanana.