Momwe Mungajambulire Zovala pa Anthu a Anime Kuti Zioneke Zovalidwadi

Ambiri amene akuphunzira kujambula anime, makatuni a ku Japan aja, amathera luso lonse pa maso ndi tsitsi. Nkhope imatuluka bwino ndithu, koma akafika pa malaya, munthuyo amangooneka ngati wavala katoni ya sopo. Vuto kawirikawiri limakhala limodzi: anajambula chovala asanajambule thupi loti lichivale.

Konzani pepala, pensulo ya HB, labala ndi cholembera chakuda. Ngati mumajambula pa foni kapena pa kompyuta, mapulogalamu ojambulira a ibisPaint X ndi Krita akukwanirani.

1. Yambani ndi thupi

Jambulani thupi lonse ndi mizere yopepuka, osadinikiza pensulo: mapewa, chifuwa, chiuno, zigongono ndi mawondo. Chitani zimenezi ngakhale munthuyo avale chijasi chofika kumapazi. Pa foni, thupi likhale pa layer yakeyake, zovala pa ina (ma layer ali ngati mapepala oonekera mkati osanjikizana).

2. Muvekeni, koma musiye mpata

Nsalu sikhala khungu. Mzere wa malaya udutse kunja pang'ono kwa mzere wa thupi. Ukhudze thupi pamene chovala chatsamira, monga pamapewa, kenaka utalikire pamene chikulendewera. Juzi ifuna mpata waukulu, sikipa yothina wochepa. Kolala, mapeto a mkono wa malaya ndi mpendero wa siketi zikhale zokhota, chifukwa zikuzungulira khosi, mkono ndi miyendo. Mukajambula kolala, onetsani kuti yapita kuseri kwa khosi.

3. Makwinya

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndikupemphani kuti mudekhe. Makwinya sabwera mwachisawawa. Amayambira pamene nsalu yakokedwa, yapanikizika kapena yapachikika. Musanalembe mzere uliwonse, dzifunseni kuti nsaluyi yagwidwa pati.

Munthu akakweza mkono, makwinya amachokera m'khwapa n'kumwazika kulowera pachifuwa ndi m'chiuno. Akapinda chigongono, nsalu imaunjikana mkati mwa chigongonocho pamene kunja kumakhala kosalala. Bondo limachitanso chimodzimodzi. Malaya opisira m'buluku amatukumuka pang'ono pamwamba pa lamba, ndipo timizere tifupitifupi timatulukira palambapo. Siketi ndi diresi zimapachikika m'chiuno kapena pamapewa, choncho mizere yake imatsika pansi n'kumatalikirana.

Valani malaya a manja aatali, muime pagalasi, mupinde mkono pang'onopang'ono. Muona kuti pachigongono pali makwinya awiri kapena atatu akuluakulu, ena onse ndi ang'onoang'ono. Tengani akuluakuluwo basi. Kukongola kwa anime kuli pa mizere yochepa yoikidwa pamalo pake. Ine ndimati ndi bwino makwinya achepe kusiyana n'kuti achuluke, chifukwa akachuluka chovala chimaoneka chosasita. Mzere wa khwinya uyambe wonenepa pamene nsalu yakokedwa, uthe wopyapyala.

Kumbukiraninso mtundu wa nsalu. Jinzi ndi jekete zimapinda ndi makona, makwinya ake ndi ochepa. Nsalu yopyapyala imakhala ndi makwinya ambiri, ofewa komanso aatali.

4. Misoko, mabatani ndi maluwa a pansalu

Ikani msoko wa paphewa, matumba, zipi ndi mabatani. Mzere wa mabatani utsatire pakati pa chifuwa, ndipo thupi likapotoka nawonso upotoke. Mukaveka munthu wanu chitenje, maluwa ake adukize pamene nsalu yapindika n'kupitirira kutsidya kwa khwinya. Mukawayala mofanana paliponse, thupi limaoneka lafulati.

5. Zovala za ku Japan zili ndi malamulo ake

Yunifolomu ya atsikana yotchuka mu anime inatengera zovala za asilikali apamadzi, ndipo sukulu za ku Japan zinayamba kuigwiritsa ntchito cha m'ma 1920. Kolala yake imakumana pachifuwa ngati chilembo cha V, pomwe pamamangidwa kansalu, koma kumsana imagwa yotambalala, yamakona. Siketi yake ndi yopindapinda. Yambani ndi mpendero wokhota, muugawe m'timagawo tolowa ndi kutuluka, kenaka mukoke mizere kukwera nayo m'chiuno, ikuyandikirana.

Pa kimono, chovala cha makolo cha ku Japan, samalani kwambiri. Mbali ya kumanzere kwa wovalayo ndi imene imakhala pamwamba, moti inu mukamuyang'ana kutsogolo kolala imaoneka ngati chilembo cha y. Kutembenuza kwake ndi mmene amavekera maliro, ndipo Mjapani akaona chithunzi chanu azindikira nthawi yomweyo. Lamba wa kimono, wotchedwa obi, ndi wotambalala komanso wouma, choncho musamudzaze makwinya.

6. Inki ndi mthunzi

Dutsitsani cholembera pa mizere imene mwaikonda, mudikire inki iume, kenaka mufufute pensulo. Sankhani mbali imodzi kumene kuwala kukuchokera. Chovala chilichonse chipatseni mitundu iwiri: mtundu wake weniweni ndi wina woderapo wa mthunzi, ndipo malire ake akhale akuthwa, osapakapaka ndi chala. Mthunzi uikeni pansi pa kolala, m'khwapa, kunsi kwa khwinya lililonse lalikulu, ndiponso pamiyendo pomwe siketi yathera.