Mercury satha ndi moto wapamafuwa

Alimi anzanga a ku Lunzu, Chileka ndi Chigumula, amene muli ndi madamu a nsomba, abakha ndi nkhuku zoyendayenda, mvetserani za mercury. Ndi timadzi tolemera tonyezimira ngati siliva tija timatuluka thermometer yakale ikasweka. Alinso m'mababu aatali a magetsi ndi ma energy saver, m'mabatire ena a wotchi, ndi m'mafuta ena oyeretsa khungu. Okumba golide ena amagwirira naye golide, kenako n'kumuwotcha.

Akalowa m'madzi, tizilombo ta m'matope timamusandutsa poizoni woopsa kwambiri wotchedwa methylmercury. Kansomba kakang'ono kamamudya pang'ono, mlamba n'kudzadya tinsomba tambirimbiri totere, ndipo poizoniyo amangowunjikana. Nsomba ikakhala yodya zinzake, yaikulu ndi yokalamba, ndiye kuti yasunga wambiri. Ku Minamata m'dziko la Japan, matenda ake anadziwika mu 1956: anthu odya nsomba za m'nyanja momwe fakitale inkatayira zoipa anayamba dzanzi, kunjenjemera ndi kudzandira, ana ena n'kubadwa olumala ubongo.

Apa ndi pomwe ambiri mumanditsutsa, mumati mukakazinga bwino zatha. Ayi ndithu. Mercury amakhala mumnofu mwenimwenimo. Kutsuka, kuwiritsa, kuwamba kapena kuyanika sikumuchotsa.

Choncho damu lanu lisamwe madzi ochokera kudzala kapena m'ngalande za m'tauni. Mitsinje ya Mudi ndi Naperi mukuidziwa nokha maonekedwe ake ikamadutsa mumzinda wa Blantyre muno. Musamwetsemo ziweto, ndipo ana asamawedzemo. Abakha amakonda kufufuza m'matope, atsekereni kutali ndi potayira zinyalala. Mbewa ndi mbalame zogwidwa pafupi ndi motayira zinyalala ngati ku Mzedi, zisiyeni, ngakhale zinenepe bwanji.

Sindikuti musiye nsomba, thupi limazifuna. Koma mayi woyembekezera, woyamwitsa ndi ana aang'ono azidya kwambiri usipa, matemba ndi chambo, milamba ikuluikulu ndi kampango azidya mwa apo ndi apo, chifukwa poizoniyu amadutsa mpaka kwa mwana m'mimba.

Babu likasweka m'nyumba, tulutsani ana, tsegulani mazenera. Musasese ndi tsache: wolani zidutswazo ndi katoni, muziike m'botolo lotseka bwino. Musaliwotche kapena kuliponya mumtsinje.