Mmene mungalembere nkhani ya "zikanakhala kuti" pa nkhondo ya nyukiliya yoyamba mwangozi

Ngati mukufuna kulemba nkhani yongoyerekeza, ija yofunsa kuti dziko likanakhala pati nkhondo ya nyukiliya ikanabuka mwangozi, musavutike n'kupeka tsiku lanu ayi. Masiku omwe zinatsala pang'ono kuchitikadi alipo kale, inu mungotolapo limodzi. Pali 27 October 1962 pomwe Vasili Arkhipov, msilikali wa pamadzi wa Soviet Union, anakana kuti sitima yawo yoyenda pansi pa madzi, B-59, iwombere torpedo (mzinga woyenda m'madzi) ya nyukiliya kufupi ndi Cuba. Palinso 25 January 1995 pomwe roketi ya asayansi yochokera ku Norway inaoneka ngati mzinga wa adani n'kuchititsa kuti Boris Yeltsin, pulezidenti wa Russia nthawi imeneyo, amutsegulire chikwama cha malamulo oponyera mizinga. Koma ine ndimakonda 26 September 1983 ndiye tiyeni tiyende ndi limenelo.

Musanasinthe kanthu dziwani kaye zomwe zinachitikadi. Usiku umenewo itangodutsa 12 koloko, Stanislav Petrov yemwe anali lieutenant colonel wa Soviet Union anali pa shifiti ku Serpukhov-15, malo a asilikali kufupi ndi Moscow komwe ankalandilira mauthenga a masatelayiti ochenjeza za mizinga otchedwa Oko. Alamu inalira, kompyuta ikuti America yaponya mzinga umodzi, kenako wina, winanso mpaka inakwana 5. Petrov ananyamula foni n'kuuza mabwana ake kuti makina alakwitsa, poti m'maganizo mwake ankati munthu wofuna kuyamba nkhondo ngati imeneyi sangaponye mizinga 5 yokha, angaponye yambirimbiri nthawi imodzi, komanso ma radar apansi anali asanaone kalikonse. Kenako zinadziwika kuti satelayiti inapusitsidwa ndi dzuwa lomwe linkanyezimira pa mitambo ya m'mwamba kwambiri.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi chokha basi. Apa mpomwe ambiri amataya nkhani, amasintha zinthu khumi pakamodzi mpaka wowerenga samakhulupiriranso. Ingonenani kuti Petrov wadwala tsiku limenelo ndipo pampando pakhala munthu wina amene amangotsata zomwe buku la malamulo likunena, alamu yalira iye waimba foni kuti mizinga ikubweradi. Zina zonse zisiyeni mmene zinalili.

Ndipo chonde musamupatse batani lofiira. Petrov analibe mphamvu zoponya mzinga ngakhale umodzi, ntchito yake inali yopereka uthenga kwa akuluakulu, iwowo aupititse kwa atsogoleri a dziko. Ndiye nkhani yanu ili pa anthu olandira foniyo, anali ndi mtima wotani usiku umenewo? Apa khalanipo ndithu, musathamange. Pa 1 September mwezi womwewo Soviet Union inali itagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea, KAL 007, anthu onse 269 anafa, ndipo America ndi Soviet Union ankalozana zala koopsa. Mu March pulezidenti wa America Ronald Reagan anali atatcha Soviet Union ufumu woipa. Mizinga ya America ya Pershing II inali pafupi kubwera ku West Germany, pakhomo pawo penipeni. Mtsogoleri wa Soviet Union Yuri Andropov anali akudwala impso, anamwalira mu February 1984. Tangoganizani munthu wodwala chonchi, amene akukhulupirira kale kuti adani akukonza zomudzidzimutsa, akumudzutsa pakati pa usiku kuti bwana zayambika.

Kenako tengani pepala mulembe mphindi m'mbali, 1 mpaka 30, chifukwa mzinga wochoka ku America kukafika ku Soviet Union unkatenga pafupifupi mphindi 30 basi. Chilichonse mukufuna chichitike chikwane mmenemo, kuimba foni, kudzutsa munthu, kudikira radar, kukangana. Mudzaona nokha kuti nthawi yoti munthu aganize bwino imatsala yochepa zedi, ndipo mantha a nkhani yanu achokera pomwepo, simufunikanso kuwonjezera tsabola. Muikemonso wokayikira mmodzi woti tidikire radar itsimikize, chifukwa anthu oterowo amakhalapo, ndiye musonyeze bwinobwino chomwe chachititsa kuti mawu ake asamveke. Mukafuna kugwiritsa ntchito njira yolumikizirana mwachangu ija ya Washington ndi Moscow yomwe anaikhazikitsa mu 1963, dziwani kuti sinali foni yolankhulirana, unali makina otaipa uthenga, ndipo uthengawo unkayenera kumasuliridwa kaye. Mphindi zinanso zapita pamenepo.

Za kuphulikako musachulutse, mizere ingapo yakwana. Chomwe chimandipweteka ine n'chakuti olemba ambiri amathera pa moto wa ku Moscow ndi New York ngati kuti anthu ena onse padziko kulibe. Chaka chomwecho cha 1983 Carl Sagan ndi asayansi anzake anachenjeza kuti utsi wa mizinda yopsa ukhoza kukwera m'mwamba n'kuphimba dzuwa, kuzizira n'kufalikira kutali ndi komwe mabomba agwa, mbewu n'kukanika. Ndiye sankhani munthu mmodzi wakutali ndi nkhondoyo mumutsatire. Atha kukhala mayi wa kuno kwathu, September ameneyo akusosa m'munda kudikira mvula, TV kunalibe nthawi imeneyo ndiye nkhani waimvera pa wailesi ya kwa aneba, mwina sanaimvetsenso bwino. Pakupita masabata mafuta a nyale asowa m'magolosale, feteleza sanafike, mabasi aima. Mulembe tsiku lomwe wayang'ana kumwamba masana dzuwa lili mbuu ngati kukucha kumene, wabwerera m'nyumba kukatsegula thumba la mbewu ya chimanga, akuwerengera kuti adzale kapena aphikire ana.